Gologolo, mbewa, gwape: nyamayi yafera kuti, yafa bwanji?

Ku Kasungu ndi ku Mchinji, chimanga chikangolowa m'nkhokwe ndiwo zimasintha. Nkhwani wauma, chitambe chatha, ndipo mu June ndi July mumayamba kuona anyamata m'mbali mwa msewu wa M1, kapena wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, atakweza mipani ya mbewa kuti a m'galimoto aone. Ana opita kubusa amabwerako ndi gologolo kapena njiwa. Ndiye pali nyama ina imene siionekera pamsewu: yowamba, yakuda bii, yodulidwa m'nthuli, imene imafika pakhomo kukada itakulungidwa m'thumba, wogulitsa akulankhula motsitsa mawu.

Zonsezi timangoti nyama yakutchire, ndipo pamisonkhano yambiri yoteteza zachilengedwe amazitchulira pamodzi ngati kuti mwana wokumba mbewa m'munda mwa agogo ake ndi chimodzimodzi ndi munthu wotchera waya m'paki. Sizili choncho. Kusalekanitsa kumeneku kumachititsa manyazi anthu amene palibe chimene alakwa, komanso kumabisa zinthu zimene zikutiwonongadi. Kwa ine, musanafunse kuti nyamayi ikoma bwanji, mafunso ndi awiri: yafera kuti, ndipo yafa bwanji.

Gologolo pamoto

Gologolo wofala kuno ndi wamng'ono, wotuwa mopita ku chikasu, wa mchira waubweya wambiri. Amalemera magalamu pafupifupi 200 basi. Amagona m'mphako za mitengo, amadya njere, zipatso ndi tizilombo, ndipo akadziwa kumene kuli mtedza woyanika kapena mikukwe ya chimanga sachokako. Alipo wina wokulirapo amene amakonda mitengo italiitali ya m'mbali mwa mitsinje. Onsewa amaphedwa ndi legeni, ndi agalu, kapena pomufukizira utsi m'mphako.

Ambiri samusenda. Amamuwawula pa lawi kuti ubweya upse, n'kumupala ndi mpeni mpaka khungu liyere, kenako n'kumutumbula. Kutumbulako kusachedwe, chifukwa kanyama kakang'ono kamayamba fungo msanga, makamaka dzuwa la October. Kubusa nkhani imathera pomuwaza mchere, kumubaya pa kamtengo ndi kumuotcha pamakala. Kunyumba amayi odziwa amachita mosiyana. Amayamba amuwamba pang'ono kuti alowe utsi, kenako amamudula n'kumuika mumphika ndi madzi ochepa, pamoto wofatsa, mpaka nyama iyambe kulekana ndi mafupa. Pamenepo m'pamene amathira matimati ndi anyezi. Gologolo wamkulu ndi wolimba, poti moyo wake wonse ndi wolumpha, ndipo mafuta alibe. N'chifukwa chake nsinjiro zimamuyenera kwambiri, ndipo ku Mchinji ndi ku Kasungu mtedza si wosowa. Mnofu weniweni uli ku miyendo yakumbuyo, kwinako n'kokukuta. Chimene chimadyetsa nsima banja lonse ndi msuzi.

Wina angaseke kuti kanyama kotere n'kothandiza chiyani. Koma kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Pali makomo ambiri pamene mbuzi imaphedwa pamaliro kapena pa Khirisimasi pokha, nkhuku imasungidwira mlendo kapena fizi ya sukulu, ndipo mazira amapita kumsika. Pakhomo lotere, gologolo, mbewa, ngumbi, matondo ndi zitete ndiwo ndiwo za nkhuli zimene mwana amalawa kawirikawiri. Munthu amene amanyoza zakudya zimenezi akhale atakonza chimene aike m'mbale m'malo mwake.

Mbewa ndi nkhani yaikulu kuposa gologolo, chifukwa zimagulitsidwa ndipo zimalipirira ana makope. Wokumba amadziwa kusiyanitsa una wa kapuku ndi wa phanya, amadziwa mende wa kudambo, amadziwanso una umene mwalowa njoka. Khoswe wa m'nyumba sadyedwa, swiswiri sadyedwa; malire amenewa aliyense wakumudzi amawadziwa, ndi anthu akutali okha amene amasokoneza. Ena amakumba ndi khasu, ena amatchera diwa, ndipo masiku ano ambiri amakwirira ndowa yothiramo madzi, pamwamba n'kuika nyambo ya madeya okazinga. Zikagwidwa amazitumbula, amaziwiritsa m'madzi a mchere mpaka madziwo aphwe, kenako amaziyanika padzuwa kapena pautsi. Zofutsa bwino zimakhala masiku angapo osawonongeka.

Pamwamba pa izi pali zokulirapo. Ntchenzi ya m'mabango ndi m'minda ya nzimbe imatha kufika makilogalamu 4 kapena 5, ndipo nyama yake ndi yofewa, yonona. Kalulu ndi wouma ngati gologolo, amafuna moto woleza. Nungu ndi wonona kwambiri. Bwampini ena amadya, ena amanyansidwa naye. 

Si onse amadya zonsezi. A Seventh-day Adventist amatsata Levitiko 11, pamene kalulu, mbira, nkhumba ndi mbewa zaletsedwa. Asilamu sadya nguluwe, njiri kapena mbewa. Mabanja ena, makamaka pakati pa Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, amasala nyama ya mfunda wawo. Mukakhala ndi mlendo, kufunsa musanapakule ndi ulemu.

Chifukwa chake mbewa sizitha koma gwape akutha

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi masamu a kuswana chabe. Mbewa yofala kwambiri m'minda yathu imatenga bere kwa masabata atatu ndi masiku ochepa, imaswa ana 10 kapena kuposerapo nthawi imodzi, ndipo imaswa kangapo m'nyengo imodzi. Anawo asanathe miyezi itatu amayambanso kuswa. Mutakumba chaka ndi chaka, mvula ikagwa bwino ndipo chakudya chikapezeka, zimabwereranso. Ndipotu ulimi wathu umazichulukitsa, chifukwa munda wa chimanga ndi mtedza ndiye nkhokwe yawo. Wokumba mbewa akuchepetsa mdani wa mlimi.

Gologolo ali pakati. Amaswa mwana mmodzi mpaka atatu, nthawi zambiri awiri. Legeni yokha siingamuthe msanga, koma iye amafuna mtengo wakale wokhala ndi mphako. Mitengo yotere ikapita ku makala ndi ku zigafa, gologolo amasowa ngakhale palibe amene wamulasa. Ndipo naye ali ndi ntchito m'nkhalango: amakwirira njere kuti adzadye mawa, zina amaziiwala, n'kumera.

Gwape, amene ena amati insa, amatenga bere pafupifupi miyezi 6 n'kuswa mwana mmodzi. Mbawala chimodzimodzi. Ngaka imaswa mwana mmodzi pachaka. Njovu imatenga bere miyezi 22 ndipo pamapita zaka zinayi kapena kuposa isanaswenso. Mukapha zazikazi zochepa chabe m'dera, mtunduwo wayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo kudzazanso kumatenga zaka zambiri. Akuluakulu a kwa Chulu, kwa Kawamba kapena kwa Mkanda akamanena kuti kale gwape ankadutsa kuseri kwa nyumba sakukokomeza. Sikuti nyama zidathawa. Zidaphedwa mofulumira kuposa mmene zimaswera, ndipo tchire lawo lidasanduka minda.

Kuchokera ku uzimba kufika ku paki

Makolo athu sankasaka mwachisawawa. Uzimba unali ndi nyengo yake, chilimwe udzu utauma, ndipo mfumu kapena mwini tchire ndiye ankalengeza tsiku. Amuna ankapita ndi mauta, mikondo, zibonga ndi agalu. Usiku wokonzekera ankadziletsa kwa akazi awo, ndipo ankapempha mizimu kuti iwatsegulire tchire. Wolasa koyamba ndiye anali mwini nyama, womaliza ankalandira gawo lake, mfumu inkalandira mwendo. Nyama inkagawidwa, siinkathera pakhomo limodzi. Kuti nyama zinali pamtima pa moyo wa Achewa mumaona ku Gule Wamkulu, kumene kasiyamaliro ndi njovu zimatuluka kudambwe kudzalowa m'mudzi. Sindikunena kuti zonse zinali zokoma: m'zaka za m'ma 1800 minyanga ya njovu yochuluka idachoka kwa Mwase Kasungu kupita kwa Jumbe ku Nkhotakota, n'kusinthanitsidwa ndi nsalu ndi mfuti. Malonda a nyama zakutchire sadayambe dzulo.

Atsamunda adasintha mwini wa tchire. Mu 1897 adaika malamulo a kasakidwe ndipo adapatula malo oyamba osungirako nyama ku Elephant Marsh ndi ku nyanja ya Chilwa. Kusaka nyama zikuluzikulu kudayamba kufuna chiphaso cholipira, chimene mzungu ankakwanitsa koma munthu wakumudzi ayi. Kumadzulo kwa Kasungu, mu 1922, anthu adasamutsidwa chifukwa cha matenda a kaodzera ofalitsidwa ndi kashembe, ndipo malowo adasanduka nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 adakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970, mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, adakhala Kasungu National Park. Ndi paki yachiwiri kukula m'dziko muno, kutsatira Nyika, yoposa masikweya kilomita 2,000. Mkati mwake mudakali mabwinja, ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi zojambula pamiyala. Munthu wa m'malire akamati tchirelo linali la makolo ake, akunena mbiri yoona, ndipo woteteza nyama amene sadziwa zimenezi sangamvane ndi mudzi.

Koma mbiri yomweyo ili ndi mbali ina. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi. Wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, Kasungu yokha 842,953, Mchinji 602,305. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya adatenga malo aakulu m'maboma awiriwa, ndipo fodya amadya mitengo, kaya ndi nkhuni zoumitsira kaya ndi mitengo ya zigafa. Uzimba umene unkatheka pamene midzi inali patalipatali sungathekenso lero. Malamulo a mfumu amene ankaletsa kusaka nthawi ina ndi malo ena adafooka, ndipo m'malo mwake mudalowa msika. Njovu za m'paki ya Kasungu, zimene m'zaka za m'ma 1970 zinkaposa 1,000, pofika 2015 zidatsala pafupifupi 50.

Lamulo lolamulira zonsezi lero ndi National Parks and Wildlife Act la 1992, limene lidakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Mfundo zake zofunika kwa munthu wamba ndi zochepa. M'paki chilichonse n'chotetezedwa, ngakhale gologolo. Kulowamo kopanda chilolezo ndi mlandu kale, musanaphe kanthu. M'nkhalango za boma monga ya Mchinji ndi ya Chimaliro, lamulo la nkhalango la 1997, lokhwimitsidwa mu 2020, limaletsanso kusaka ndi kuyatsa moto popanda chilolezo. Kunja kwa malo amenewa, nyama monga gwape ndi njiri zimafuna chiphaso chosakira. Pa njovu, chipembere, mkango, kambuku ndi ngaka, chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende, popanda mwayi wolipira chindapusa. Ndipo chimene ambiri sadziwa n'chakuti mlandu sugwera wopha yekha. Wogula, wosunga ndi wonyamula nyama yotetezedwa popanda chikalata naye ali pamlandu. Mayi amene wagula nthuli ziwiri zowamba pakhomo pake akhoza kukayankha kukhoti.

Moto, waya ndi tameki

Zinthu zitatu izi ndizo zandichititsa kulemba, chifukwa zonse zimachitika m'dzina la ndiwo, ndipo zonse zimawononga zambiri kuposa ndiwo zimene zimabweretsa.

Moto ndiwo wofala kwambiri. Wosaka mbewa amatentha tchire kuti mauna aoneke ndi kuti akumbe mosavuta. Akapeza mbewa zake amapita, moto n'kupitirira. Umapsereza udzu wofolera nyumba umene amayi akadamweta n'kugulitsa, msipu wa ng'ombe, mapesi amene mlimi adasiya dala kuti aphimbire nthaka, ming'oma ya njuchi, nthawi zina nkhokwe ndi nyumba zimene. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa moto wa mu May kapena June, udzu usanaumitse, ndi wa mu September ndi October. Woyambawo umayenda pansipansi ndipo mitengo imapulumuka. A zankhalango amautentha dala kuti achepetse udzu. Wachiwiriwo umatentha kwambiri, umapha timitengo tatsamba ndi tamombo tongophukira kumene, ndipo umapsereza masamba anthete amene matondo amadya. Ndiye kuti mpani umodzi wa mbewa ukhoza kudyetsa mudzi wonse chaka chopanda matondo. Lamulo limaletsa kusaka ndi moto, koma ndani angaike mlonda pa dambo lililonse? Izi zimatheka pamene mfumu ndi anthu ake agwirizana okha nyengo isanafike. Paja nkhanga zidapangana kusanapse. Mbewa zimagwidwa bwinobwino ndi ndowa ndi diwa popanda machesi.

Waya ndiye wapha nyama zambiri kuposa mfuti. Khwekhwe lakale linali la luzi kapena chingwe cha khonje, linkawola mvula ikagwa, ndipo nyama yaikulu inkalidula. La masiku ano ndi la waya wa mabuleki a njinga kapena wa mpanda, ndipo limakhala m'tchire zaka likudikira. Munthu mmodzi amatchera ambiri pa njira zopita kumadzi, ena n'kuwaiwala. Waya sasankha. Amagwira gwape amene mumafuna, amagwiranso fisi, mbidzi, mwana wa njati, chitamba cha njovu. Nyama zambiri zogwidwa zimaolera pomwepo mwini msampha asanabwere, osadyedwa ndi munthu aliyense. Imene wapeza itafa dzana, itatupa kale, ndi imene amaiwamba kwambiri kuti fungo libisike, ndipo ndi imene imafika pakhomo panu kukada.

Tameki ndiye woopsa mwachindunji kwa wodya. Ndi mankhwala aulimi amene ankagwira ntchito yopha tinyongolotsi ta m'nthaka m'minda monga ya fodya, ndipo amagulitsidwa mobisa m'timapepala m'misika ngati mankhwala a makoswe. Anthu ena amawasakaniza ndi madeya n'kuwaza m'munda kapena pamadzi kuti m'mawa adzangotola mbewa, nkhanga ndi njiwa. Amakhulupirira kuti ukachotsa matumbo ndi chithokomiro poizoni watha. Si zoona. Mankhwalawa amalowa m'magazi ndi m'minofu, ndipo simungadalire kuphika kuti kuwachotse. Wodya amayamba kutuluka malovu ndi thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera, maso kuona mwachimbuuzi, kenako kubanika. Mwana amafooka msanga kuposa wamkulu. Zikatere musataye nthawi ndi mkaka kapena makala; thamangirani kuchipatala ndipo mukanene chimene wadya, chifukwa mankhwala othetsa poizoniyu alipo akafulumira. Galu, mphaka, kadzidzi ndi kabawi amene atola mbewa zotsala amafanso, ndipo amenewa ndiwo ankatithandiza kuchepetsa mbewa m'munda. Pogula mbewa pamsewu simungazindikire ndi maso. Chitetezo chokha n'kugula kwa munthu amene mukudziwa kagwiridwe kake.

Matenda amene amabwera ndi nyama

Pali lamulo limodzi limene alenje akale ankalidziwa ndipo njala imatiiwalitsa: nyama yofa yokha siidyedwa. Mu 2011, m'boma la Chama ku Zambia, mvuu zambiri zidafa mumtsinje wa Luangwa ndi anthrax, matenda a nyama amene amagwiranso anthu. Anthu adazisenda n'kugawana nyama, ndipo oposa 500 adadwala, ena n'kumwalira. Kumapeto kwa 2018 matenda omwewo adapha mvuu ku Liwonde. Chizindikiro chake ndi nyama yofa mwadzidzidzi, yotupa msanga, yotuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, mkamwa ndi kumbuyo. Yotere osaitumbula n'komwe, chifukwa kutumbulako kumamwaza tizilombo timene timakhala m'dothi zaka zambiri. Kuwamba kapena kuyanika sikuthandiza. Uzani alangizi a ziweto.

Nguluwe ndi njiri zimatha kukhala ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso m'minofu. Utsi ndi dzuwa sizitipha. Chimene chimatipha n'kuphika mpaka mkati monse mupse, osatsala pofiira. Nyama yowamba iphikidwebe mumphika, isadyedwe chomwecho chifukwa choti yauma.

Pa mbewa ndi gologolo, ngozi yaikulu ili pogwira, osati podya. Utitiri wa mbewa ndi makoswe ndiwo umafalitsa mliri wotupitsa mwanabele, umene udabuka ku Nsanje mu 1997 ndi 2002, komanso ku Nyimba, kum'mawa kwa Zambia, mu 2015. Mukaona mbewa kapena makoswe akufa okha ambiri, musatole. Kanyama kalikonse kakutchire kamene kakuyenda mozunguzika masana, kosaopa munthu, kasiyeni. Chiwewe chimaoneka choncho mwa nkhandwe ndi nyama zina. Mukalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala.

Za mpox, matenda otulutsa matuza pakhungu, ndiyenera kuzifotokoza mosamala, chifukwa dzina la gologolo limatchulidwa kawirikawiri. Matendawa adapezeka koyamba mwa munthu mu 1970 ku Congo, ndipo mu 1985 kachilombo kake kadapezeka mwa gologolo wa m'nkhalango zowirira za kumeneko. Ameneyo ndi mtundu wina, wosiyana ndi gologolo wa m'mitengo ya tsamba ya kwathu kuno, ndipo mpox imene idapezeka m'Malawi mu April 2025 inkafala pakati pa anthu. Palibe chifukwa choopsezera ana a kubusa ndi nkhani ya ku Congo. Chimene tingatolepo n'chakuti nthawi yoopsa ndi yosenda ndi kutumbula, pamene magazi amakhudza zilonda za m'manja. Wa bala m'manja asatumbule. Mpeni ndi manja zitsukidwe ndi sopo. Ana asaseweretse nyama yakufa. Nyama ya zilonda pakhungu kapena ya chiwindi cha mawangamawanga itayidwe m'dzenje lakuya.

Anthu a m'malire mwa paki

Mu July 2022, Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, mothandizana ndi mabungwe oteteza nyama a African Parks ndi IFAW, idasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, pamodzi ndi nyama zina zoposa 400 monga njati, nswala, mphalapala ndi njiri. Cholinga chinali kuchepetsa njovu ku Liwonde, kumene zidachuluka, ndi kudzutsanso paki ya Kasungu. Kuona njovu zikumwa madzi pa damu la Lifupa m'pakimo n'chinthu chimene ambiri tinkaganiza kuti chatha, ndipo ine ndimakondwera nacho. Koma chichokereni nthawiyo anthu a m'midzi yozungulira, kuno ndi kutsidya ku Zambia, akhala akudandaula za minda yodyedwa ndi nkhokwe zogumulidwa, ndipo anthu ena aphedwa ndi njovu. Mpanda wa magetsi wakhala ukumangidwa kumbali ya kum'mawa, koma njovu zimayendanso kulowera ku paki ya Lukusuzi ku Zambia, ndipo waya wa mpanda womwewo ukabedwa umasanduka makhwekhwe.

Nkhaniyi ikukhudza mphika mwachindunji. Munthu amene chimanga chake chadyedwa usiku umodzi, ana ali ndi njala, ndipo nyama zili pafupi kuseri kwa mpanda, n'kovuta kumuuza za zaka 30. Si onse otchera waya amene ali anjala. Alipo ochita malonda enieni, otumiza nyama ku Kasungu boma, ku Lilongwe ndi ku Chipata, kumene ogula ake ndi anthu a malipiro amene angathe kugula ng'ombe kubutchala koma amafuna kukoma kwa yakutchire. Amenewa ndiwo ndimawaona kuti ali ndi mlandu waukulu, chifukwa ndalama yawo ndiyo imatumiza mnyamata wosauka m'paki, kumene akhoza kumangidwa, kupondedwa ndi njati kapena kulumidwa ndi kashembe.

Njira zina zayesedwa, ndipo zina zagwira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 paki ya Kasungu idayamba kulola anthu a m'malire kulowa ndi chilolezo kukatola matondo ndi kupachika ming'oma ya njuchi. Nzeru yake ndi yosavuta: munthu amene uchi ndi matondo ake ali m'nkhalango safuna kuti nkhalangoyo ipse. Kutsidya, m'chigwa cha Luangwa, bungwe la COMACO lakhala likugula mtedza, soya, mpunga ndi uchi kwa alimi pamtengo wabwino, posinthana ndi kuti apereke mfuti ndi makhwekhwe awo. Ku Ghana ndi ku Benin anthu amaweta ntchenzi m'makola n'kumagulitsa, ndipo chakudya chake ndi udzu ndi zotsalira za m'munda. Kwathu kuno nkhanga zoweta, akalulu, mbira ndi nkhunda zimapereka nyama yofanana ndi yakutchire popanda chiphaso kapena mantha. Vuto limakhala mbewu yoyambira, chitopa ndi akuba, ndipo izi n'zimene alangizi angathandizepo.

Chimene chikusowabe ndi chipukutamisozi. Lamulo lathu la nyama zakutchire limanena mwatsatanetsatane chilango cha munthu amene wapha nyama, koma silikakamiza boma kulipira munthu amene nyama yamuphera mbale kapena yamudyera munda. Alonda a paki amadalira anthu a m'midzi kuti awatsine khutu za otchera waya ndi ogula minyanga, ndipo mudzi umene ukuona kuti njovu ili ndi mtengo koma munthu alibe sungatsine khutu aliyense. Nyumba ya Malamulo imene idakhwimitsa zilango ndi yomweyo imene ingaike ndime ya chipukutamisozi ndi thumba la ndalama zake. Aphungu a ku Kasungu ndi ku Mchinji, pamodzi ndi a ku Nkhotakota, Rumphi ndi Machinga amene anthu awo ali ndi vuto lomweli, ndi okwanira kuibweretsa nkhaniyi m'nyumbamo, ndipo mafumu a m'malire mwa paki ali ndi maina ndi masiku a zimene zachitika m'midzi yawo oti akapereke ngati umboni.